Tibwezereni Mpata Wathu

Kwa Olemekezeka Abwana Aakulu,
Chipatala cha Mano cha Mwetulirani.

Bwana,

Ndayamba ndagwada, ngakhale simukundiona. Musadandaule za mawondo anga. Ine ndine wogulitsa nsapato m'sitolo ya eni ake, ndipo kugwada pamaso pa anthu ndiyo ntchito imene imandidyetsa. Ndikadakonda kudzakuthokozani pamaso, ndipo ndayesapo kangapo, koma nthawi zonse mtsikana wolandira alendo uja amandiuza kuti muli pa msonkhano. Msonkhano umenewu unayamba tsiku limene ndinayamba kukufunani, mpaka lero sunathe. Mulungu akupatseni mphamvu, nkhani za mano si zamasewera. Ndiye ndati ndilembe poyera, mwina mmodzi mwa amene muli nawo kumeneko akuwerengerani pa nthawi ya tiyi.

Ine ndi munthu uja amene anasankha chipatala chanu kuti chikhale cha banja lake lonse. Banjalo si lalikulu. Pali ine, akazi anga amene ali ndi saluni yoluka tsitsi, apongozi anga aamuna amene timakhala nawo chimwalirireni apongozi aakazi, ndi mwana wathu wamkazi wa ku pulayimale. Ine dzino lakumbuyo linkandisowetsa mtendere, apongozi anali ndi dzino logwedera, ndipo akazi anga ankangofuna kutsukitsa mano awo, amene analibe mlandu uliwonse. Tsiku lina iwo anandiuza kuti, "Inu mumayenda m'tauni tsiku ndi tsiku, tipezereni dokotala mmodzi wa tonse, tisamangoyendayenda ngati osowa kwawo."

Ntchitoyo sindinaitenge mwachibwana. Safunsa anadya phula, choncho ndinafunsa. Mlamu wanga anandilozera kwa dokotala wina wachikulire amene ali pamwamba pa sitolo ya misomali ndi penti. Ndinakwera masitepe ake opapatiza, ndinapeza mipando yosafanana, kalendala ya chaka chatha, ndi wodwala mmodzi amene anakhala m'kati nthawi yaitali akungocheza ndi dokotalayo. Ndinamva ndi makutu anga akufunsidwa mmene amagonera, zimene amadya, ngakhale mbali imene amatafunira. Ndinati ayi, ine ndabwera kudzachotsa dzino, sindinabwere kudzafunsira ukwati. Kwina ndinabwerera pakhomo, chifukwa dokotala wake atandimwetulira ndinaona kuti nayenso akufunika dokotala.

Kenako ndinafika kwa inu. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha ndisanachigwire, ulemu umene ngakhale kwa apongozi sindinaulandirepo. M'kati munali mphepo yozizira bwino, mipando yofewa, nsomba zokongola zikusambira m'bokosi lagalasi, ndi chithunzi cha banja losekerera limene mano ake anali oyera ngati mbale zatsopano. Pamwamba pa zonsezo panali mawu a zilembo zagolide akuti SITIGWIRA TISANAFUNSE. Mawu amenewa anandigwira mtima asanandifunse. Mtsikana uja atandiuza kuti muli ndi Tsiku la Banja, limene anthu a nyumba imodzi amathandizidwa onse m'mawa umodzi, ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba. Mlamu wanga anayesa kunditsina khutu kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ndinamuyankha kuti nsanje ndi matenda, ndipo kulibe chipatala chake.

Loweruka lina tinavala bwino n'kubwera, ine patsogolo. Mwana yekha ndiye anatsala, chifukwa anali ndi masewera kusukulu. Zimene tinalandira tsiku limenelo ndi zambiri, moti ndaziika manambala kuti ndisaiwale kuthokoza chilichonse.

1. Ndithokoze amene anajambula nyumba yanu. Wodwala amalowera khomo lakutsogolo, koma akathandizidwa amatulukira lakumbuyo, kumene kuli migolo ya zinyalala ndi jenereta. Motero olowa saonana ndi otuluka. Amene ali pa mipando yofewa amangoona nsomba ndi banja la pachithunzi, mtima uli m'malo. Tinalowa mmodzimmodzi, aliyense m'chipinda chake, dokotala mmodzi akuthamanga pakati pa mipando itatu, ndipo palibe amene anadziwa zimene zikuchitikira mnzake. Nzeru zoterezi sizipezeka pamwamba pa sitolo ya misomali.

2. Ndithokoze chifukwa cha chisamaliro chimene munapatsa apongozi anga. Iwowa ndi munthu wakale, wolemekeza madokotala, ndipo chinthu chimene amanyadira pa ukalamba wawo ndi makutu. Amamva ngakhale chitseko cha firiji chikatsegulidwa iwo ali panja. Dokotala wanu atawabaya jakisoni wa dzanzi m'nkhama, anadikira pang'ono, n'kuwagogoda dzino ndi kachitsulo, n'kufunsa kuti, "Mukumva, agogo?" Apongozi anayankha mwaulemu kuti, "Ndikumva, adokotala." Anawabaya wina. Anafunsanso, mokweza mawu tsopano, ndipo apongozi, poona kuti dokotala wachinyamatayu akukayikira makutu awo, anayankha motsindika kuti, "Ndikumva bwinobwino, lankhulani." Anawabaya winanso. Zinapitirira choncho mpaka lilime linagona, diso limodzi linayamba kutsinzina lokha, ndipo dokotala anagamula kuti thupi la agogowa ndi lokanika, apite kaye akapume. Dzinolo sanaligwire. Linadzagwa lokha patapita masiku, iwo akudya nthochi.

Madzulo a tsikulo, lilime litadzuka, apongozi anandifunsa kuti, "Akamwini, dokotala wanu uja ngogontha? Ine ndikumuuza kuti ndikumva, iye n'kumandibaya ngati ndamutukwana." Tamvani bwino mawu akuti wanu amenewo, Bwana, chifukwa kuyambira tsiku limenelo dokotala ameneyu kunyumba kwathu ndi wanga ndekha.

3. Ndithokoze, ndipo apa ndagwaditsa, chifukwa chosunga lonjezo lanu la zilembo zagolide. Pali anthu amiseche amene anganene kuti simufunsa. Ine ndikhoza kuima paliponse kuchitira umboni kuti mumafunsa. Luso lanu lagona pa nthawi imene mumafunsira. Choyamba mumagoneka munthu chagada pa mpando uja, nyale n'kumuthobwa m'maso. Kenako mumati, "Yasamani." Akayasama mumalowetsa thonje tsaya ili ndi tsaya ilo, kapaipi koyamwa malovu pansi pa lilime, kagalasi ka mpini, ndi zala ziwiri za dokotala. Zonse zikakhazikika bwino, m'kamwa mutadzaza ngati sutikesi ya mwana wopita ku sekondale, m'pamene funso limabwera.

Bwana, munthu ali ndi mawu ambiri, koma akayasama amatsala ndi amodzi okha, ndipo mawuwo ndi eee. Ndayesera ndekha pagalasi kunyumba. Inunso tayesani, msonkhano ukapumira: ikani zala ziwiri m'kamwa, mupanikize lilime, ndiye munene kuti ayi. Ayi amafuna lilime liyende, nsagwada zibwerere. Eee safuna kanthu, amangotuluka yekha, ndipo ululu ukakula iyenso amakula. Munthu akamakana ndi mphamvu zake zonse m'pamene amavomera mokweza kwambiri. N'chifukwa chake chiyambireni chipatala chanu palibe wodwala amene anakanapo kanthu. Anyamata ofunsira mbeta akadadziwa nzeru imeneyi, bwenzi padziko pano palibe wokanidwa.

4. Ndithokoze chifukwa cha dzino langa. Lopwetekalo linali kumbuyo kwenikweni, koma dokotala wanu, pokhala munthu wadongosolo, anayambira kutsogolo. Anaona dzino langa lakumaso limene linabenthuka pang'ono kalekale potsegula botolo, analigogoda ndi kachitsulo kozizira, n'kufunsa kuti, "Ndi ili?" Ndinakana. Iye anatembenukira kwa nesi n'kunena kuti, "Avomera." Ndinakweza dzanja kuti ndiloze kumbuyo, koma nesi wanu wachifundo analigwira n'kulisisita, amvekere, "Musaope bambo, ngakhale ana amapirira." Ndinakananso mokuwa, miyendo ikupalasa m'mwamba, ndipo dokotala anandikhazika mtima pansi kuti, "Tamva bambo, tamva, tikuchotsa pompano." Pa funso la kumva ine ndinalibe vuto, jakisoni mmodzi anakwana. Dzinolo linali lamphamvu, linakana kwa kanthawi, koma dokotala wanu si munthu wogonja.

Phindu lake ndi lakuti tsopano ndili ndi luso limene ndinalisowa kuyambira ubwana: ndimaimba mluzu. Vuto ndi lakuti mluzuwo umabwera wokha, ndipo umakonda mawu amene ntchito yanga imadalira. Tangoganizani munthu amene tsiku lonse ayenera kunena kuti nsapato, sokosi, za sukulu, saizi sikisi, saizi seveni. Tsiku lina ndinagwada kuyeza phazi la mayi wina, amuna awo ataima pambali, chimunthu chodzaza khomo. Ndinati ndinene kuti, "Saizi sikisi yakukwanani, sisi," ndipo m'sitolo monse munamveka ngati pa siteji ya basi. Bamboyo anandifunsa kuti ndikuimbira mluzu ndani. Ndinayankha kuti, "Pepani, sindinachitire dala," ndipo mluzu unalira kachiwiri. Anandilanditsa ndi abwana anga, amene tsopano analamula kuti ine ndizithandiza makasitomala kuyambira saizi eyiti kupita m'tsogolo.

Dzino lakumbuyo lija lilipo, lili bwino, likupereka moni. Limandikumbutsa za inu nthawi iliyonse ndikamwa madzi ozizira.

5. Apa, Bwana, ndafika pa mutu wa kalata yanga, ndipo ngati tiyi watha pemphani wina.

Akazi anga anali ndi mpata pakati pa mano awiri akutsogolo. Sunali waukulu, munthu ukanangolowetsapo kamtengo ka machesi. Ine ndinauona koyamba zaka zambiri zapitazo m'sitolo momwe muno, iwo atabwera kudzagula nsapato za ku tchalitchi. Chifukwa cha manyazi ndinawabweretsera nsapato ziwiri zakumanzere zokhazokha, iwo anaseka, ine n'kuona mpatawo, n'kuiwala ngakhale saizi imene ananditumayo. Anthu amakwatira pa zifukwa zosiyanasiyana. Ine ndinakwatira mpata umenewo, zinazo ndinazipeza m'tsogolo ndipo zinali zabwino.

Koma mpatawo sunali wanga ndekha. Unali wa mayi awo. Apongozi aakazi anali nawo womwewo, pamalo pomwepo, ndipo chithunzi chokha chimene anatisiyira ndi cha pa chiphaso, milomo atatseka ngati akudikira chigamulo. Akazi anga amagwira ntchito kutsogolo kwa galasi tsiku lonse. Ankandiuza kuti akamaluka tsitsi, kasitomala n'kunena zoseketsa, amati akadzutsa maso amaona mayi awo akuseka m'galasimo. Ngakhale makasitomala polozerana njira sankatchula dzina la saluni, ankangoti pitani kwa mayi wa mpata uja.

Dokotala wanu anatsuka mano monga anapemphedwa. Atamaliza, thonje ndi kapaipi zili m'malo mwake, anapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Kampata aka tikutsekereni kuti muzimwetulira momasuka, eti mayi?" Akazi anga akuti anakana mpaka nsapato imodzi inavuka. Yankho lake mukulidziwa. Anawamata phala loyera mbali iyi ndi iyo, n'kuliumitsa ndi kanyale ka buluu, n'kulipala mpaka linasalala. Galasi anawapatsa zonse zitatha, nesi akuwomba m'manja kuti mayi mwasanduka mtsikana.

Tinakumana kukhomo lakumbuyo, pafupi ndi migolo ija. Apongozi malovu akutsikira pa tayi, ine nditaluma thonje, akazi anga atagwira pakamwa. Palibe amene akanatha kufunsa mnzake, choncho tinakwera basi mwakachetechete ngati banja logwirizana kwambiri. Kunyumba, apongozi atamaliza za dokotala wogontha zija, anatembenukira kwa mwana wawo n'kuti achotse dzanjalo. Atachotsa, iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa chapansipansi kuti, "Mayi ako wawasiya kuti?" Akazi anga anabwera kwa ine, anandichotsa thonje lija kuti aone ngati magazi aleka, ndipo ataona chibowo chili kumaso kwanga anati, "Ndiye mpata wanga aupereka kwa inu?"

Ndiyenera kuvomereza kuti pamenepa chipatala chanu chilibe mlandu wakuba. Tinabwera ndi mpata umodzi, tinabwerera ndi mpata umodzi. Inu munangousamutsa. Koma ndikupempha mumvetse kuti kwa ine sukundikhala. Pa nkhope ya akazi anga unkaimitsa anthu pa msewu, pa nkhope yanga ukuimitsa agalu ndi minibasi.

Nthabwala ya mpata ija inali yomaliza kutuluka m'kamwa mwa akazi anga, ndipo ngakhale iyo sanaiseke. Chichokereni kwa inu akazi anga saseka. Amalankhula milomo ili pafupi, ngati munthu wosunga singano pakamwa. Ku saluni anasuntha mpando wawo kuti galasi likhale cham'mbali, ndipo amaluka ali chete, moti makasitomala ena amanong'onezana kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ine kunyumba dzina langa linasintha. Chakudya chikapsa amatuma mwana kuti, "Kawaitane a Sitigwira Tisanafunse." Ndimapita, chifukwa njala ilibe manyazi. Koma ndikuuzeni zoona, Bwana, zimandiwawa kuposa dzino lija. Nyumba yanga inali yaphokoso, ndipo phokoso lake linali kuseka kwa mkazi ameneyu. Ndine ndinamutsogolera ndekha pa chitseko chotseguka chokha chija, nditavala jekete.

6. Ndithokoze chifukwa cha mmene munalandirira dandaulo langa. Mtsikana wolandira alendo anandimvetsera mpaka kumapeto, akudziluma milomo pa mluzu uliwonse, kenako anati, "Koma bambo, mayiwo anavomera. Inunso munavomera. Nesi ndi mboni." Dokotala ndinamupeza m'khonde akuthamangira ku mpando wina, ndipo anandiyankha akuyenda kuti, "Tinawakonza, bambo. Ena amachita kulira kufuna zimenezi." Nditafunsa ngati phalalo lingachotsedwe, anati ntchito yabwino saigumula. Ine ndinali ndisanadziwe kuti akazi anga anali owonongeka. Ndakhala nawo zaka zonsezi osazindikira, zikomo pondidziwitsa.

Ndinameza manyazi n'kukwera masitepe opapatiza aja, mlamu wanga akundiperekeza ndi nkhope ya munthu amene wapambana mlandu. Dokotala wachikulire uja anati phalalo limachoka, koma amene anamata ndi amene akudziwa pamene dzino lathera ndi pamene phala layambira, iye akhoza kupala ndi dzino lomwe. Anapempha kuti andione lakumbuyo lija, ine ndinakana, ndipo anandimva chifukwa ndinali chiimire. Dzino limeneli ndikulisunga mpaka nkhaniyi ithe. Inu muli ndi nesi, ine ndili ndi dzino, aliyense ndi mboni yake.

7. Ndithokoze chifukwa chotchukitsa banja langa. Pamene ndinkadikira kuti msonkhano wanu uthe, ndinaona pa khoma, pafupi ndi nsomba zija, zithunzi ziwiri zatsopano za pakamwa pa munthu. Pansi pa chimodzi munalemba kuti KALE, pansi pa chinacho TSOPANO. Pakamwa pamenepo ndikhoza kupazindikira ngakhale mu mdima. Ndinafunsa ngati mwini wake anapemphedwa, ndipo anandiyankha kuti anafunsidwa ndithu, ali pa mpando.

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinakazinena kunyumba. Kuyambira pamenepo apongozi anga, munthu amene analumbira kuti sadzapondanso pakhomo panu, amavala jekete ndi chipewa m'mawa n'kukwera basi. Amafika kwa inu, amakhala pa mpando wofewa moyang'anizana ndi chithunzi cha KALE, chipewa pabondo, mpaka dzuwa likwere, kenako n'kubwerera. Antchito anu anawazolowera, ndipo ndamva kuti anawapatsa mswachi waulere monga wodwala wokhulupirika. Tsiku lina ndinawafunsa kuti apongozi, kodi kumakhala chiyani kumeneko? Anandiyankha akumanga zingwe za nsapato kuti, "Ndimakaona mayi ake."

8. Chomaliza, ndithokoze chifukwa chosatiiwala. Sabata yatha foni yanga inalandira uthenga wanu wachikondi, wotikumbutsa kuti pa Tsiku la Banja tinasiya munthu mmodzi, ndipo tibwere naye msanga kuti naye akonzedwe mano asanakhwime. Ndinagoma ndi kukumbukira kwanu. Mwanayo, Bwana, ali ndi mpata. Mano ake achikulire atamera unaonekera pamalo pomwe paja, wa agogo ake, wa mayi ake. M'banja lonse watsala umenewo, kupatula wangawu umene suwerengedwa.

Uthengawo akazi anga anauwerenga okha. Anaitana mwanayo, anamukhazika pamiyendo ngakhale wakula, n'kuyamba kumugirigisha m'nthiti mpaka anaseka chogwa, iwo akungomuyang'ana m'kamwa. Atamutsitsa ananditembenukira n'kunena kuti, "Mukadzamutengera kumeneko, mudzapitirire konko. Akakupatseni mpando pafupi ndi nsomba." Ndawadziwa nthawi yaitali, ndipo ndimasiyanitsa pamene akuopseza ndi pamene akudziwitsa. Apa ankadziwitsa.

Tsono Bwana, pambuyo pa zabwino zonsezi n'zamanyazi kuti ndipemphenso kanthu, koma wopempha salema. Zopempha zanga n'zazing'ono.

Mwanayo mumuiwale. Ndikudziwa kuti n'zovuta kwa anthu achikondi ngati inu, koma yesetsani. Tamusiya choncho, wosakonzedwa, ndipo ngati adzavutike kupeza banja chifukwa cha chilema chimenechi, mlandu udzakhala wa ine.

Dzino langa lakumaso lisungeni, ndakupatsani ndi mtima wonse. Mluzu ndayamba kuuzolowera, ndipo makasitomala a mapazi aakulu ndi anthu ofatsa.

Chithunzi cha TSOPANO chitani nacho zimene mungafune, koma cha KALE mupatse mkulu wa chipewa amene amakhala pafupi ndi nsomba. Mukatero mpando umodzi udzapezeka wa odwala enieni, ndipo ine ndidzaleka kuda nkhawa ndi nkhalamba imene ikuwoloka misewu yokha m'mawa uliwonse.

Anzanga a kuntchito, poona zimene zinandichitikira, amandifunsa tsopano mmene munthu angasankhire dokotala wa mano wa banja lake. Ndimawauza kuti asavutike ndi nsomba kapena zilembo, angopita kukaima kukhomo lakumbuyo n'kuona nkhope za otuluka. Ngati mungaone anthu ataima pafupi ndi jenereta yanu m'masiku akubwerawa, musawathamangitse, si akuba. Ndi ophunzira anga.

Pempho lenilenilo ndi ili: tibwezereni mpata wathu. Taonani kuchepa kwa chimene ndikupempha. Ena amakupemphani mano agolide, ena mano onse a m'kamwa. Ine ndikupempha malo opanda kanthu. Simuchita kuitanitsa kunja, simuchita kutsegula kabati, ndi kungochotsa zanu n'kusiya zathu. Akazi anga avomera kubwera, ndipo avomera ndi mawu athunthu, m'kamwa mulibe thonje. Koma aika malamulo awo. Dokotala adzawafunse iwo ali chiimire, pamaso pa anthu, m'chipinda cha nsomba chija. Galasi lidzakhale m'manja mwawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndipo akadzatha adzatulukira khomo lakutsogolo, bambo awo ali pomwepo. Ine sindidzalowa, ndidzadikira panja. Ndikadzamva kuseka kuja ndidzadziwa kuti mwamaliza, chifukwa kumamveka mpaka pa msewu.

Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, choncho musavutike kundilembera yankho. Ndaphunzira kwa inu nomwe njira yachidule. Kalatayi ndi yaitali dala, ndaidzaza mbali iyi ndi iyo, ndipo ndafunsa funso langa pamapeto penipeni, inu mulibe mpata woyankhira. Ndikukhulupirira kuti pofika pa mzere uno mwatsamira mpando wanu, mwagwira mutu, mwapumira m'mwamba, ndipo pakamwa panu patuluka mawu amodzi aja. Onse amene muli nawo pa msonkhano amva, ndipo ndi mboni.

Zikomo kwambiri povomera, Bwana. Tibwera Loweruka m'mawa.

Ine wanu wodzichepetsa, amene akadali chigwadire,

Wogulitsa nsapato,
kuyambira saizi eyiti kupita m'tsogolo.